Amoniya wakwera m'thanki ya nsomba: musinthe madzi, muthire mankhwala, kapena mudikire mabakiteriya?

Nsomba zikayamba kuunjikana pamwamba pa madzi n'kumapuma mwawefuwefu, zina zitapinda zipsepse, zina zitangoti duu pansi pakona osalabadira chakudya, woweta aliyense mtima umamuthamanga. Mukatunga timadzi m'kabotolo koyezera, n'kudonthezamo mankhwala ake, n'kuona kuti m'malo mwa chikasu madziwo abiriwira, dziwani kuti amoniya wakwera. Apa m'pamene ambiri amathamangira kukagula botolo lililonse lolembedwa kuti limathetsa amoniya. Sindikuti mabotolowo alibe ntchito. Koma njira zimene zilipo sizichita chinthu chimodzi: ina imatulutsa poizoniyu m'thanki, ina imangomugoneka kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ndi imodzi yokha imene imaletsa vutoli kubwerera. Zina mwa njirazi mukazigwiritsa ntchito molakwika, mungathe kupha nsomba zimene zikanapulumuka.

## Musanasankhe, yezani zinthu ziwiri

Amoniya wambiri nsomba zimamutulutsira m'makha, ziwalo zofiira zija zimene zimapumira, osati m'ndowe zokha. Wina amachokera ku chakudya chotsala, masamba owola, kapena kansomba kofera kuseri kwa mwala komwe simunakaone.

M'madzi amakhala m'mitundu iwiri. Pali NH3, amene amalowa m'makha mosavuta n'kuwawotcha, ndiye pali amoniyamu, NH4+, amene sapweteka kwenikweni. Zoyezera zambiri za madontho zimawerenga mitundu iwiriyi pamodzi, choncho nambala yokhayo sikuuzani kuti ngozi yafika pati. Chimene chimagawa mitunduyi ndi pH (muyeso wa asidi wa m'madzi: nambala ikakwera, asidi ndi wochepa) ndi katenthedwe ka madzi. Pa madigiri 25, madzi a pH 7 amakhala ndi NH3 yosakwana 1 peresenti ya amoniya yense. Pa pH 8 imafika cha m'ma 5 peresenti, ndipo pa pH 8.5 imayandikira 15 peresenti. Tinene kuti mathanki awiri onse awerenga 2 ppm, kutanthauza mamiligalamu 2 a amoniya pa lita imodzi ya madzi. Ya pH 7 ili ndi NH3 pafupifupi 0.01 ppm, pamene ya pH 8 ili ndi 0.1 ppm, kuwirikiza pafupifupi kakhumi. NH3 ikapitirira 0.05 ppm makha amayamba kuwonongeka. Ndiye mwini thanki yoyamba ali ndi mpata woganiza, wachiwiriyo ayenera kunyamula ndowa pompano.

Yezani amoniya, yezaninso pH. Muyezenso madzi a pampopi panu, pa chifukwa chimene tichione pansipa.

Pa njira iliyonse ndiyang'ana mtengo wake, kupezeka kwake, chisamaliro chimene imafuna, ndi zoopsa zake. Koma funso limene ndimaliika patsogolo ndi ili: kodi amoniyayo wachokadi m'madzimo, kapena akadali momwemo?

## 1. Kusintha madzi

Iyi ndi njira yokhayo imene zotsatira zake mungaziwerengere musanayambe. Mukachotsa theka la madzi n'kuthiramo atsopano opanda amoniya, 2 ppm imatsika kufika pa 1. Mukabwerezanso pakapita maola angapo, yafika pa 0.5. Kusintha kotala la madzi pamene mwawerenga 4 ppm n'kudzitopetsa chabe, chifukwa mutsalabe ndi 3.

Mtengo. Wochepa kuposa njira zonse zochotsadi amoniya: ndowa, kapaipi kokokera madzi ndi zinyalala za m'timiyala, ndi mankhwala ochotsa klorini. Chimene mumalipira kwambiri ndi msana wanu.

Kupezeka. Usiku, Lamlungu, nthawi iliyonse bola madzi alipo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti botolo la mankhwala ochotsa klorini lisamathe m'nyumba momwe muli thanki.

Chisamaliro. M'thanki yatsopano mungafunike kusintha tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi kwa masabata angapo, mukuyeza m'mawa uliwonse. Ena amaopa kuti kusintha madzi kumataya mabakiteriya abwino, amene amadya amoniya. Musaope. Mabakiteriyawo amamatirira pa siponji ya fyuluta (chosefera madzi), pa timiyala ndi pagalasi, m'madzi oyandama muli ochepa kwambiri.

Zoopsa. Zilipo zitatu, ndipo yachitatuyo ndi imene ambiri saidziwa. Yoyamba ndi madzi ozizira kapena otentha kuposa a m'thanki, amene amadzidzimutsa nsomba zofooka kale. Yachiwiri ndi madzi a pampopi. M'malo ena madzi amawathira chloramine, amene ndi klorini womangidwa pamodzi ndi amoniya. Mankhwala wamba a sodium thiosulfate amathetsa kloriniyo koma amoniyayo amamusiya m'madzi, moti mungayeze madzi atsopano n'kupeza 0.5 ppm kapena kuposa. Fyuluta yokhwima, imene ili kale ndi mabakiteriya okwanira, imamudya msanga, koma thanki yatsopano siingathe. Yachitatu ndi thanki yakale imene yakhala miyezi osasinthidwa madzi. M'thanki yotero pH imatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pa 6 kapena kutsikirapo, mabakiteriya amafooka, amoniya amachuluka, koma nsomba sizifa chifukwa pafupifupi yense ali mu mtundu wosapweteka uja. Mukathiramo theka la madzi atsopano a pH 7.8 nthawi imodzi, pH imakwera, amoniya wotsalayo amasanduka NH3, ndipo nsomba zimafa madzi atangosinthidwa kumene. Mwiniwake amadandaula kuti madzi atsopano ndi oipa, chonsecho cholakwika chinali kuchuluka kwake.

## 2. Mankhwala omanga amoniya

Odziwika ndi Seachem Prime, API Ammo Lock ndi Kordon AmQuel. Opanga ake amati mankhwalawa amasandutsa amoniya kukhala wosapweteka pamene mabakiteriya akupitiriza kumudya. A Seachem amanena kuti Prime amagwira kwa maola 24 mpaka 48, ndipo mlingo wake wamba ndi mamililita 5 pa malita 200. Onani bwino mawuwo: kwa maola. Amoniya sanapite kulikonse.

Oweta nsomba amatsutsana kwambiri pa mankhwalawa. Ena amalumbira kuti anawapulumutsira nsomba, ena amati akayeza NH3 asanathire ndi atathira saona kusintha. Maganizo anga ndi akuti mankhwalawa muwatenge ngati othandizira ndowa, osati olowa m'malo mwake. Ntchito imene palibe amaikayikira ndi yochotsa klorini, ndipo imeneyi yokha ndi chifukwa chokwanira chowasungira.

Mtengo. Wapakatikati. Amphamvu kwambiri monga Prime amakhalitsa chifukwa mlingo wake ndi wochepa, koma kuthira tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu m'thanki yaikulu kumamaliza botolo.

Kupezeka. M'masitolo ogulitsa nsomba zoweta ndi zipangizo zake, komanso pa intaneti. Safuna firiji ndipo sawonongeka msanga. Fungo la sulufule limene mumamva mukatsegula Prime si chizindikiro choti wawonongeka, ndi mmene alili.

Chisamaliro. Kubwereza mlingo pa tsiku kapena masiku awiri aliwonse, powerengera madzi a thanki yonse.

Zoopsa. Choyamba, amasokoneza kuyeza. Zoyezera za mtundu wa Nessler, zimene zimasanduka zabulauni, zimapereka nambala yabodza mukathira mankhwalawa. Za salicylate, zochoka ku chikasu kupita kobiriwira, zimawerengabe amoniya yense, womangidwa ndi wosamangidwa yemwe. Ndiye munthu amathira, kuyeza, kuona kubiriwira kuja, kuthiranso, kuthiranso. Apa pamatulukira choopsa chachiwiri: mankhwalawa akachuluka amachepetsa okosijeni m'madzi, pamene nsomba za makha opsa zikuvutika kale kupuma. Mukawagwiritsa ntchito, yatsani pampu ya mpweya kapena kwezani paipi ya fyuluta kuti izigwedeza pamwamba pa madzi. Ngati mukufuna kudziwa NH3 yokha, kachizindikiro komata pagalasi monga Seachem Ammonia Alert kamayeza imeneyo.

Choopsa chachitatu sichili m'botolo, chili mumtima mwa woweta. Nsomba zikayamba kuoneka bwino, amaleka kufufuza chimene chinakweza amoniyayo.

## 3. Zeolite

Ndi timiyala toyera, nthawi zambiri ta mtundu wa clinoptilolite, timene timagwira amoniyamu n'kutulutsa sodiyamu m'malo mwake. Mumatiika m'kathumba kaukonde mkati mwa fyuluta momwe madzi amadutsa. Mosiyana ndi mankhwala aja, zeolite imachotsadi amoniya m'madzi, ngakhale kuti imachita zimenezi m'maola, osati m'mphindi.

Mtengo. Wotsika, ndipo mungaibwezeretse mphamvu poiviika m'madzi amchere wambiri kwa tsiku limodzi, kunja kwa thanki, kenako n'kuitsukuluza bwinobwino.

Kupezeka. M'masitolo omwe aja, nthawi zina yosakanizidwa ndi makala a fyuluta.

Chisamaliro. Imadzaza, koma sisintha maonekedwe kuti muzindikire. Kuyeza madzi kokha n'kumene kungakuuzeni. M'madzi olimba, okhala ndi kashiamu wambiri, imadzaza msanga chifukwa kashiamuyo amalanda malo a amoniyamu.

Zoopsa. Mchere. Oweta ambiri amathira mchere m'thanki pochiza nsomba kapena poziteteza ku nitrite, poizoni wina wochokera ku amoniya. Mukatero zeolite ili m'fyuluta, mchere uja umachita m'thanki zomwe umachita m'ndowa yoviikira: umamasula amoniya amene anagwidwa n'kumubwezera kwa nsomba. Chotsani kathumbako musanathire mchere. Chinanso, m'thanki yatsopano zeolite imalanda chakudya cha mabakiteriya amene mukufuna kuti achuluke, ndiye thanki imachedwa kukhwima. Tsiku lomwe mudzaichotse, amoniya adzakweranso.

## 4. Mabakiteriya a m'fyuluta

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Thanki yathanzi imawerenga 0 ppm osati chifukwa nsomba zasiya kutulutsa amoniya, koma chifukwa tizilombo tosaoneka ndi maso timamudya mofulumira monga mmene akutulukira. Gulu lina, monga Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimamupirira ndipo mumamuchotsa posintha madzi. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti gulu lachiwirili ndi Nitrobacter, mpaka mu 1998 pamene Timothy Hovanec ndi anzake anaonetsa kuti m'mathanki a madzi opanda mchere ntchitoyi imagwiridwa kwenikweni ndi Nitrospira. N'chifukwa chake mabotolo akale ambiri a mabakiteriya ankakhumudwitsa: munali mtundu wolakwika.

Vuto la tizilomboti ndi kuchedwa. Pamene mabakiteriya ena amawirikiza m'mphindi zochepa, awa amatenga pafupifupi tsiku lathunthu. Thanki yongoyamba popanda thandizo imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti ikhwime. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe pali njira ziwiri zofupikitsira nthawiyi.

Yoyamba ndi kutenga siponji kapena timiyala ta m'fyuluta ya thanki ina yokhwima n'kuika m'fyuluta yanu. Yachiwiri ndi kugula mabakiteriya a m'botolo, monga Tetra SafeStart, Dr. Tim's One and Only kapena FritzZyme. Pa ziwirizi ine ndimakhulupirira siponji yakale kwambiri, chifukwa mumadziwa kuti dzulo lomweli inali kugwira ntchito.

Mtengo. Siponji yopempha kwa mnzanu ndi yaulere. Botolo ndi lokwera mtengo poyerekeza ndi njira zinazi, koma mumagula kamodzi kapena kawiri.

Kupezeka. Siponji imafuna kuti mudziwane ndi woweta wina kapena mukhale ndi thanki yachiwiri. Inyamuleni yonyowa, m'madzi a thanki yomwe yachokera, ndipo muiike m'fyuluta tsiku lomwelo. Madzi akale okha musavutike nawo, mulibe zambiri. Botolo limapezeka mosavuta, koma muli zamoyo. Ngati linakhala pa dzuwa, linazizidwa mpaka kuundana, kapena tsiku lake linadutsa, mwagula madzi. Mitundu ina, monga Fritz TurboStart, imafuna firiji.

Chisamaliro. Fyuluta isazime. Mabakiteriyawa amadya okosijeni wochuluka, pafupifupi mamiligalamu 4.6 pa miligalamu iliyonse ya nayitirojeni wa mu amoniya amene amamusintha. Amadyanso kaboneti wa m'madzi, n'chifukwa chake pH imatsika m'thanki yosasinthidwa madzi. Amakula bwino pH ikakhala pakati pa 7 ndi 8 ndipo madzi ali ofunda, cha m'ma madigiri 25 mpaka 30. Siponji ikada, ifinyeni m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki, osati pampopi. Ndipo musamvere malangizo oti muzitaya katiriji, kachipangizo kosefera ka mkati mwa fyuluta, mwezi uliwonse ngati katirijiyo ndi malo okhawo okhala mabakiteriya m'fyuluta yanu. Ndaonapo thanki ya zaka ziwiri ikubwerera pachiyambi sabata imodzi chifukwa mwini wake, mofunitsitsa kusamala nsomba zake, anataya siponji yonse n'kuikamo yatsopano yoyera mbee.

Zoopsa. Siponji yobwereka ingabweretse matenda, nkhono ndi ndere za thanki yomwe yachokera, choncho yang'anani kaye nsomba za mnzanuyo. Botolo lakufa silipweteka nsomba, koma limakupusitsani kuti muleke kuyeza. Ndipo kumbukirani kuti amoniya akayamba kutsika, nitrite amakwera. Ambiri amasangalala pa sabata yachiwiri n'kutaya nsomba pa sabata yachitatu. Thanki yakhwima pokhapokha amoniya ndi nitrite onse akuwerenga 0 kwa masiku angapo otsatizana ndipo nitrate wayamba kuoneka.

## 5. Zomera zamoyo

Zomera zam'madzi zimayamwa amoniyamu mwachindunji ngati feteleza. Zothandiza ndi zokula msanga: zoyandama monga Lemna, Salvinia ndi Pistia, kapena Ceratophyllum imene ilibe mizu. Anubias ndi yokongola, koma imakula pang'onopang'ono moti pa nkhani ino musaiwerengere.

Mtengo ndi wochepa ngati nyale muli nayo kale. Kupezeka n'kosavuta, chifukwa amene ali nazo amazitaya sabata iliyonse. Chisamaliro chake ndi kuwala kwa maola 6 mpaka 8 pa tsiku ndi kupatulira zikachuluka, poti amoniya amachoka m'thanki pamene mwatulutsa masambawo. Zoopsa: chomera chofota chimawola n'kuwonjezera amoniya yemweyo, zoyandama zikaphimba pamwamba ponse mpweya umachepa usiku, ndipo nsomba za mtundu wa goldfish zimazidya. Zopatulirazo ziumitseni n'kuzitaya m'zinyalala, osati mumtsinje kapena m'dambo, chifukwa zina mwa izo zimafalikira n'kutseka madzi.

Pa ngozi ya lero zomera sizikuthandizani. Phindu lake mudzaliona pa thanki ya chaka chamawa.

## 6. Kuchepetsa chakudya ndi nsomba

Mtengo: palibe, pokhapokha ngati yankho lake ndi thanki yaikulu. Kupezeka: pompano. Nsomba zazikulu zathanzi zimakhala masiku awiri kapena atatu osadya popanda vuto, ndipo amoniya amene zimatulutsa amatsika chifukwa amachokera ku mapuloteni a m'chakudya. Chisamaliro: mukayambiranso, patsani zochepa zoti zithe m'mphindi ziwiri, kamodzi pa tsiku, n'kukoka zotsala. Zoopsa: tiana ta nsomba sitingapirire njala yotere, ndipo nsomba zolusa zikamva njala zimalumana.

Pali mfundo yowawa pano. Ngati goldfish zinayi zili m'thanki ya malita 40, palibe botolo, mwala kapena chomera chimene chingakonze zimenezo. Zina ziyenera kusamuka.

## Njira iti pa vuto liti

Thanki ndi yatsopano ndipo nsomba zilimo kale. Ili ndi vuto lofala kuposa onse. Sinthani theka la madzi lero, ndipo pitirizani kusintha nthawi iliyonse amoniya kapena nitrite akafika pa 0.5 ppm. Thirani mankhwala omanga amoniya m'madzi atsopanowo, dyetsani pang'ono podumphitsa tsiku, ndipo funani siponji yakale mwachangu. Ikasowa, gulani botolo la mabakiteriya la tsiku labwino. Zeolite isiyeni, ndipo musagule nsomba ina mpaka thanki itakhwima.

Thanki yokhwima yakwera mwadzidzidzi. Werengani nsomba, sunthani miyala ndi zokongoletsa, fufuzani chakufa kapena chakudya chimene wina anakhuthulira. Dzifunseni ngati munatsuka fyuluta pampopi kapena munathira mankhwala ochiza nsomba. Kusintha madzi kawiri kapena katatu ndi kusadyetsa masiku awiri nthawi zambiri kumakwana, chifukwa mabakiteriya otsala amabwerera m'masiku ochepa.

pH yanu ndi 8 kapena kuposa, monga m'thanki ya mbuna ndi nsomba zina zokonda madzi olimba. Musadikire. Ngakhale 0.5 ppm ndi yofunika ndowa tsiku lomwelo. Musayese kutsitsa pH ndi mankhwala kuti amoniya afooke, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa pH kumavutitsanso nsomba, ndipo m'madzi olimba imabwerera pomwe inali.

Thanki yakale, pH yatsika kufika pa 6, amoniya ndi wambiri. Apa chitani mosemphana: sinthani pang'onopang'ono, 10 mpaka 15 peresenti pa tsiku, mukuthira mankhwala omanga amoniya ndi kuyeza pH nthawi iliyonse. Zeolite imathandizanso pano kutsitsa amoniya pH isanakwere.

Madzi a pampopi ali ndi amoniya. Gwiritsani ntchito mankhwala olembedwa kuti amathana ndi chloramine ndi amoniya, sinthani madzi ochepa koma pafupipafupi, ndipo ikani zomera zoyandama. Kuyeza ola limodzi mutasintha madzi kungakuopseni pachabe. Yezani mawa lake.

Magetsi anazima kwa maola ambiri. Makamaka ngati fyuluta yanu ndi yotsekeka ya kunja, musangoiyatsa. Khuthulani madzi okhalitsa m'katimo, tsukuluzani masiponji m'madzi a thanki, kenako yatsani. Musadyetse tsiku limenelo, ndipo yezani tsiku lililonse kwa sabata.

Thanki yochizira nsomba yodwala. Mankhwala ena, monga maantibayotiki ndi methylene blue, amapha mabakiteriya a m'fyuluta, choncho musadalire mabakiteriyawo m'menemo. Sinthani madzi tsiku ndi tsiku n'kubwezeretsa mlingo wa mankhwala molingana ndi madzi amene mwachotsa. Zeolite ingathandize m'thanki yotere, bola ikhale yosasakanizidwa ndi makala, amene amayamwa mankhwala, ndipo chithandizocho chisakhale cha mchere.